Kuchoka ku Nkhokwe Kufika ku Kajumbo

Ndinakulira kumudzi ku Ntcheu m'zaka za m'ma 1980, pakhomo pamene chakudya chinkawerengedwa pa chaka. Lero ndimakhala ku Ndirande mumzinda wa Blantyre, ndili ndi ana ndi mdzukulu, ndipo chakudya ndimachiwerengera pa tsiku. Zambiri zasintha m'moyo wanga, misewu, mafoni, maboma, koma kusintha kumene ndimakumana nako m'mawa uliwonse ndi kumeneku. Makolo anga anali osauka, inenso ndine wosauka, komabe umphawi wathu ndi wosiyana. Iwo akaganiza za mphika ankaona miyezi yambiri kutsogolo. Ine ndimaona mpaka madzulo.

Kwathu chaka chinkayamba ndi kukolola. Mu May ndi June bambo ankakonza nkhokwe, kuluka nsungwi pamene paphwasuka ndi kufolera denga, ndipo chimanga chinkalowa ndi makoko ake. Chinali chimanga cha makolo, cholimba njere, chimene anankafumbwe sankachilowa msanga. Amayi ankangosuzumira m'nkhokwemo n'kudziwa ngati tidzafika nacho ku dowe kapena ayi. Akaona kuti chachepa, sankadikira kuti njala ifike pakhomo. Ankayamba kusinira kukadali kutali. Ufa woyera unkasiyidwa, chifukwa kukonola kumataya gaga wambiri, ndipo tinkalowa mgaiwa. Masana tinkadya mbatata kapena chinangwa, nsima n'kukhala ya madzulo. Ife ana tinkadandaula, koma iwo ankadziwa mwezi umene akuuteteza.

Ndiwo nazo zinkasungidwa. Mvula ikamatha, amayi ndi azakhali ankathyola nkhwani, khwanya ndi chisoso zochuluka, kuzifutsa, kuziyanika pa mphasa, kenako kuzikulunga m'masamba a masuku kukhala zikwatu zimene ankazipachika kudenga la khitchini, kumene utsi unkaziteteza. Mu October, dzuwa litapsereza chilichonse chobiriwira, chikwatu chimodzi chinkatsika, ndipo mfutso wotendera unkatsitsa nsima bwinobwino. Mafuta ophikira sitinkawadalira, nsinjiro ndizo zinkakometsa mphika. Therere linkaphikidwa ndi chidulo. Ngumbi ndi bowa zinkabwera ndi mvula, mbewa m'chilimwe anyamata akapita kokumba. Ndalama inkafunika pa mchere, sopo, palafini, machesi, chigayo ndi fizi ya sukulu. Zotsalazo zinkachokera m'manja mwathu.

Njala inalipo, ndipo inali yowawa. Agogo ankasimba za chaka cha 1949, pamene anthu ankadya mizu ya m'tchire ndipo amuna ena anachoka pakhomo osabwereranso. January ndi February inali miyezi ya ganyu, kupalira m'munda mwa wina kuti upatsidwe kambale ka chimanga kapena madeya, munda wako ukumera udzu. Chilala cha 1992 chinatidyetsa nsima ya chimanga chachikasu chochokera kunja. Koma njala ija inali ndi nyengo yake. Tinkadziwa mwezi umene imafika, ndipo tinkadziwanso kuti maungu ndi dowe zikacha imachoka. Amene anali ndi kandalama ankapita kumsika wa ADMARC, bungwe limene boma linakhazikitsa mu 1971, akudziwa kale mtengo umene akaupeze, chifukwa unali woikidwa ndi boma.

Nkhokwe sizinathe tsiku limodzi. Kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni m'dziko muno, pamene wa 2018 anapeza oposa 17 miliyoni. Munda umene bambo ankalima okha unagawidwa kwa ana, anawo n'kugawiranso awo. Nthaka itatopa inayamba kufuna feteleza, ndipo feteleza amafuna ndalama. Chimanga cha haibulidi chinabereka kwambiri ndi kucha msanga, koma chambiri chimafumbwa, ndipo mbewu yake umagula chaka ndi chaka. Akuba atachuluka, chimanga chinachoka pabwalo n'kulowa m'matumba kuchipinda. Chimanga cha m'thumba sichichedwa kutuluka: mwana akadwala, maliro akagwa, lendi ya munda ikafunika, thumba limakwera njinga. Kuyambira 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbewu kwa alimi, ndipo mu 1994 kwacha inasiyidwa kuti mphamvu yake iziyenda ndi msika. Njala ya 2002 inatipeza chimanga cha m'nkhokwe za dziko chitagulitsidwa. Makuponi a feteleza amene anayamba mu 2005, nthawi ya Bingu wa Mutharika, anadzazanso matumba kwa zaka zingapo, koma sanakulitse minda imene inali itachepa kale.

Ambiri a ife tinatsikira m'tauni, kumene chilichonse cholowa m'kamwa chimadutsa kaye m'thumba la ndalama. Kwacha inatsitsidwa mphamvu mu 2012, mu 2022, ndiponso mu November 2023 ndi 44 peresenti. Chaka chomwecho mu March namondwe wa Freddy anali atakokolola minda ndi nyumba kuno kumwera, ndipo mu 2024 ng'amba inapsereza chimanga chisanakhwime. Tambala amene ndinkatumidwa nawo kukagula mchere anasowa m'manja mwa anthu, ndipo K5,000 ya pepala, imene inatuluka mu 2022, imatha usanazungulire msika.

Tsiku langa limayamba ndi kumasula mfundo ya pa chitenje kuti ndione zimene zatsala dzulo. Bambo a ana amagwira ntchito za zomangamanga, zimene lero zilipo mawa kulibe, ndipo ine ndimakazinga mandasi. Ndalama ikamalowa imakhala kuti yagawidwa kale: ufa, makala, ndiwo, madzi a pakiyosiki, kenako kochepa koika padera ka lendi. Ufa ndimagula wa walkman, kajumbo kongokwanira mphika umodzi kapena iwiri. Mafuta ndi a m'kachubu, shuga ndi womangidwa m'kapepala, tomato kamulu, bonya kamulu, makala kajumbo. Msika wonse waphunzira kudula zinthu tizidutswa tolingana ndi zimene tili nazo m'manja.

Ogulitsawo, amene ambiri ndi amayi anzanga, alibe mlandu, ndipo popanda iwo mabanja ambiri akanagona ndi njala. Koma wogula pang'onopang'ono amalipira zambiri. Wogulitsa walkman anagula thumba la chimanga, analipira chigayo, anagula majumbo, ndipo pa kajumbo kalikonse ayenera kupezapo kake. Ukaphatikiza timajumbo ta mwezi wonse, umapeza kuti ndalama yake ikanagula ufa wochuluka kuposa umene wadya. Wopeza bwino amagula chigubu cha mafuta kamodzi n'kuiwala, pamene ine mafuta omwewo ndimawagula modula chifukwa chosowa ndalama yogulira ambiri nthawi imodzi. Achimwene anga kumudzi akuvutika ndi zomwezi mwa njira ina. Amagulitsa chimanga mu May mtengo uli pansi, chifukwa ngongole ya feteleza ikuwadikira, n'kudzachigulanso mu January mtengo utakwera, zaka zina mpaka kuwirikiza.

Moto nawo uli ndi mtengo wake. Kumudzi nyemba zinali ndiwo za aliyense, chifukwa nkhuni tinkatola kuphiri ndipo mphika unkatha kuwira kuyambira m'mawa. Kuno usanagule nyemba umayamba wawerengera makala. N'chifukwa chake timaziviika usiku, timaphika zambiri kamodzi, kapena timathawira ku soya pieces ndi bonya zimene zimapsa msanga. Chambo ana anga amangochionera pa benchi. Tiyi timamwera mbatata, buledi ndi wa tsiku limene zayenda. Mdzukulu wanga amapita kusukulu atanyamula kapu, chifukwa phala limene bungwe la Mary's Meals limapereka ndilo kadzutsa wake. Masiku ovuta timaphika kamodzi dzuwa litapendeka, kuti nsima imodziyo iimire nkhomaliro ndi mgonero womwe. Pa masiku oterowo amayi ambiri amanena mawu amodzimodzi: "Idyani inu, ine ndadya kale." Ana akamakula amazindikira kuti si zoona, ndipo amayamba kusiya mbamu m'mbale mwadala.

Chimene chimandiwawa koposa ndi zimene kuwerengera kwa pa tsikuku kwachita pa ulemu wathu. Kwathu munthu wodutsa pa nthawi ya nsima ankaitanidwa moni asanathe: "Fikani, sambani m'manja." Amayi ankavundula nsima yoposa chiwerengero chathu, popeza mlendo sanena tsiku lobwera, ndipo yotsala inali mkute wa m'mawa. Lero mitanda imawerengedwa isanaomoledwe. Ndaona anthu amtima wabwino akuchedwetsa kuphika mpaka mlendo atatsanzika, ndipo alendo nawo aphunzira kutsanzika akangoona mbaula ikuyatsidwa. Palibe amene wasanduka woumira. Kungoti mu walkman mulibe mtanda wa mlendo.

Amayi atabwera kudzationa, anavundukula ndowa ya ufa madzulo n'kuipeza yopanda kanthu. "Nanga mwana wanga, mawa anawa adya chiyani?" anandifunsa. Ndinayankha kuti, "Amayi, za mawa tikagula mawa." Anandiyang'ana nthawi yaitali osayankhula. Kwa iwo ndowa yogona yopanda ufa inali tsoka la chaka cha chilala, pamene kwa ine linali tsiku ngati lina lililonse. Atabwerera kumudzi anatumiza pa basi zikwatu ndi kathumba ka mtedza, pamodzi ndi uthenga wakuti ndisaiwale zimene anandiphunzitsa.

Ife amayi a pamdadada wa nyumba zathu sitinangokhala. Tili ndi banki m'khonde kumene timasonkha sabata ndi sabata, aliyense monga wapezera. Nthawi yokolola timasonkherana n'kutuma mmodzi kumudzi kukagula matumba mtengo ukadali pansi, timathira mankhwala a anankafumbwe, kenako timagawana pa ndowa. Mafuta timagula chigubu chimodzi n'kugawana m'mabotolo. Mpiru ndi bonongwe timadzala m'matumba akale a simenti pakhonde, n'kumathirira ndi madzi otsukira ndiwo. Masamba akatsika mtengo pamsika timafutsa n'kuyanika padenga la malata. Atsikana anga ankati zimenezi ndi zachimidzi, koma chilimwe chitawadyetsa mfutso wotendera, tsopano ndiwo amakwera pampando kukatembenuza.

Zimenezi sizithetsa umphawi. Mtengo wa feteleza, mphamvu ya kwacha ndi malipiro a munthu waganyu sizikonzedwa pakhonde pathu. Amene amazikonza ndikanakonda akanamayeza ntchito yawo ndi funso limodzi: ndi mabanja angati m'dziko muno amene akudziwa chimene adye mwezi wamawa? Mayi amene ali ndi ufa wa mwezi wathunthu amapeza tulo, amatha kuganiza za fizi, amakana katapila, ndipo mlendo akafika amamutengera madzi osamba m'manja mosawerengera. Chimenechi ndicho ndikulimbana nacho ndi anzangawa, kuti tichoke pa ufa wa tsiku tifike pa wa sabata, tichoke pa wa sabata tifike pa wa mwezi. Ndipo ana anga ndimawauza mosabisa kuti kugula ufa wa mphika umodzi ndi vuto limene latigwera, asadzalizolowere mpaka kuliyesa moyo umene munthu anabadwira.