Tsiku limene ndinagwira chiwongolero

Anzanga, Loweruka lapitali ndinagwira chiwongolero cha galimoto koyamba chibadwire. Koma musandichitire nsanje msanga, galimotoyo sinasunthe olo pang'ono.

Amalume anga ali ndi Toyota Hilux yakalekale imene amachitira matola kuchoka kuno ku Malindi kupita ku Mangochi boma, masiku ena mpaka ku Makanjira. Galimoto yomweyo ndi imene imanyamula madengu a usipa wa amayi, ndipo makope ndi yunifolomu yangayi zimachokera mu usipa womwewo. Ikangogona, kwathu timaonera m'mbale.

Sabata yatha paipi ya oyilo wa chiwongolero inang'ambika. Amalume anagula ina n'kuikamo okha. Ataliza injini, chiwongolero chinali gwa! Akati apotokole, pansi pa boneti pankamveka kulira ngati kamwana ka mbuzi.

"Basi, pampu yafa," anatero amalume atagwira m'chiuno. Ndalama ya pampu ina panalibe. Amayi anangoyang'ana madengu awo, osayankhula.

Mwamwayi kunabwera bambo wina amene amakonza mainjini a maboti kunyanjaku. Anatsegula kabotolo ka oyiloyo, tonse n'kusuzumiramo. Oyilo uja amakhala wofiira, koma apa anali thovu lokhalokha.

"Achimwene, pampu yanu ili moyo. Pamene munkasintha paipi munalowa mpweya. Tingoutulutsa basi." Kenaka anandiloza ine. "Iwe, kwera."

Anaika miyala kumatayala akumbuyo, n'kukweza akutsogolo ndi jeke kuti asamagunde pansi. Anathira oyilo mpaka pamzere. Injini ili chizimire, anandiuza kuti ndizipotokola chiwongolero mpaka pothera kumanja, kenaka mpaka pothera kumanzere. Ine chimwemwe chili tsaya, ndinayamba kuchizunguza ngati ndili pa mpikisano.

"Pang'onopang'ono iwe! Ukufuna kutakasa thobwa?"

Ndinachita manyazi, aise. Kuthamanga kuja kumangophwanya mpweya kukhala timathovu ting'onoting'ono tovuta kutuluka. Ndinayambiranso mofatsa, uku ndikuwerenga. Amalume anaima pakabotolo. Thovu likatumphuka, oyilo amatsika, iwo n'kuwonjezera, chifukwa kabotolo kakauma pampu imayamwanso mpweya wina, ntchito n'kuyambiranso. Pofika ka 20, mikono inali itawawa ndipo malaya anali atanyowa.

Kenaka analiza injini. Thovu linabweranso pang'ono, ndiye anazimitsa, tinadikira kuti lidikhe. Ulendo wachiwiri anandichenjeza kuti ndikafika pothera ndisakanikize nthawi yaitali, pampu ingatenthe. Ndinapotokola kumanja, zii. Kumanzere, zii. Kambuzi kaja kanali katasiya kulira. Atatsitsa jeke, amalume anazunguza chiwongolero ndi dzanja limodzi, n'kuseka mpaka mano onse pamtunda.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti zonsezi tinaphunzira kale mu Physics. Mukukumbuka zija zoti mpweya umapanikizika koma zamadzimadzi sizipanikizika? Pampu imakankha oyilo, oyilo n'kukankha zitsulo zokhotetsa matayala. Mukalowa mpweya, mphamvu ija imathera pofinya thovu. Tsiku limene tinkaphunzira zimenezi ine ndinkasinza kumbuyo, ndikuganiza kuti n'zongolembera mayeso a JCE. Sindinadziwe kuti nsima ya kwathu ingadalire phunziro lomwelo.

Bambo aja anangolandira kambale ka usipa ndi ya sopo. Tikanapanda kusuzumira m'kabotolo muja, bwenzi amalume atakongola ndalama zogulira pampu pamene inayo ili bwinobwino.

Lolemba m'mawa ndikubwera kusukulu kuno, Hilux ija inandipitirira, madengu ali mbwee, amayi atakhala pamwamba. Amalume anaimba huta kawiri n'kukuwa, "Amakaniko, musachedwe ku Physics!"

Ndiye mukandiona ndasamukira kutsogolo m'kalasi, musadabwe.