Mlombwa Unasowa, Kaphunzitsidwe Nako Kanasintha

M'zaka za m'ma 1980, mnyamata akafuna ukalipentala, malume ake ankamugwira pamkono n'kukamusiya kwa mmisiri. Panalibe chosainirana. Ankangoti, "Amisiri, mwanayu ndi wanu, mum'patseko luso." Inenso anandisiya chomwecho pansi pa chisakasa cha malata ku Ndirande.

Miyezi yoyamba thabwa labwino sunkaligwira. Unkasesa utuchi, kuwongola misomali yakale pamwala, kusenza matabwa kuchokera kumsika, mwinanso kutungira madzi amayi a pakhomopo. Malipiro anali nsima ya masana. Anthu amayamikira kuleza mtima kwa masiku amenewo, koma ena mwa amisiriwo ankangopezerapo wantchito waulele, ndipo luso lenileni ankaliumira poopa kuti mawa ungadzawalande makasitomala.

Amene anandiphunzitsa ine sanali otero, ngakhale anali aukali. Anayamba ndi kunola: mano a sowo limodzilimodzi ndi tupa, kenako mpeni wa chopalira matabwa pamwala wodontheza mafuta, mpaka umete ubweya wa pamkono. Zitatha izi m'pamene anandilola kulumikiza. Unkagoba bowo la makona anayi m'mwendo wa tebulo, n'kucheka nsonga ya thabwa lina kuti ikalowemo ndendende. Iwo ankalowetsa popanda guluu, popanda msomali, n'kunyamula m'mwamba, n'kugwedeza. Likasomphoka, ankangokubwezera osanena kanthu.

Tsopano ndimaona kuti chimene chinkatiphunzitsa kudekha ndi mtengo umene tinkagwiritsa ntchito. Mlombwa ndi mbawa ndi mitengo yolimba; ukakhomamo msomali mwachisawawa thabwa limang'aluka, ndiye umakakamizika kuphunzira kulumikiza. Mkungudza wa ku Mulanje unkabwera mwa apo ndi apo, fungo lake lodzaza chisakasa chonse, ndipo chiswe sichiuyandikira. Matabwa ankawasanja pamthunzi, timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, n'kuwasiya miyezi yambiri. Amisiri ankagogoda thabwa ndi chala n'kudziwa ngati lauma.

Kusintha koyamba kunadza ndi chisoni. M'ma 1990, Edzi itafika povuta, ntchito yaikulu m'mashopu ambiri inasanduka mabokosi a maliro. Bokosi silidikira, anamfedwa amakhala ataima pomwepo. Ucheka, ukhoma, ukuta ndi nsalu, basi. Anyamata ambiri anaphunzira zokhazo, n'kutsegula malo awo chaka chisanathe, nawonso n'kuyamba kuphunzitsa ena zomwezo.

Kenako mitengo yachilengedwe inayamba kusowa, mtengo wake n'kukwera. Mkungudza, womwe ndi mtengo wa fuko lathu, anaudula mpaka kutsala pang'ono kutheratu m'phiri la Mulanje. Malo ake anatenga paini, makamaka wa ku Chikangawa, nkhalango ya mahekitala pafupifupi 53,000 imene boma linadzala ndi cholinga chopanga mapepala, koma fakitale yake sinamangidwe. Painiyo amafika pamsika ali wamuwisi, utomoni uli nyatenyate, ndipo palibe amene ali ndi ndalama zogulira matabwa n'kungowasunga. Agula m'mawa, madzulo chakhala chitseko. Pofika mwezi wa Okutobala, dzuwa litawomba, chitsekocho chapindika, mipata yatseguka moti umaona amene akudutsa panja.

Makina nawo anafika. Lero umapita ndi matabwa ako kwa mwini makina, akupalira n'kulipira pa thabwa lililonse. Ntchito imene inkatidyera tsiku lathunthu imatha usanamalize kumwa tiyi, ndipo amene anapalako mlombwa ndi manja mpaka matuza sangadandaule nazo. Koma magetsi akazima, umapeza anyamata angokhala pa benchi, chopalira cha manja chili potero, palibe wodziwa kuchitchera.

Njira ya sukulu inalipo kuyambira kale. A mishoni ankaphunzitsa ukalipentala ku Livingstonia m'nthawi ya Robert Laws, ndipo ife tinkamva za sukulu za Soche, Nasawa, Namitete ndi Lilongwe Technical, komanso mayeso a Trade Test oyambira Grade 3 kukwera mpaka Grade 1. Mu 1999 kunakhazikitsidwa bungwe la TEVETA, limene limatolera ndalama kwa olemba anthu ntchito kuti zithandizire maphunziro a ntchito zamanja, ndipo mu 2015 boma linayamba kutsegula makoleji a m'madera. Wophunzira amasinthanitsa kalasi ndi ntchito ya pamalo, ndipo amatuluka ndi pepala lomupezera ntchito kukampani yomanga. Atsikana amalowanso, pomwe ku chisakasa chathu chija mtsikana akanangosekedwa.

Komabe malo m'makoleji ndi ochepa, kotero ambiri amaphunzirabe m'mbali mwa msewu, ku Mchesi ndi ku Ndirande. Mwana wa mchemwali wanga ali kumeneko. Kasitomala amabwera ndi chithunzi cha pa Facebook pafoni n'kunena kuti, "Ndikufuna sofa ngati iyi, Loweruka." Mkati mwake ndi zidutswa za paini zokhoma ndi misomali, pamwamba siponji ndi nsalu yonyezimira. Mwana wa mchemwali wanga uja ndinamufunsa ngati abwana ake anamuphunzitsa kulumikiza kwa bowo ndi nsonga kuja. Anandiyankha kuti, "Amalume, anandisonyezako kamodzi. Koma tebulo lotero limadya sabata yonse, ndiye wogula akamva mtengo wake amapita kwa aneba."