Magulu Awiri a Oimba pa Nsanja Imodzi ku Mapulazi a Mazowe

Abale anga a pa migodi, ambiri a inu mumamva nyimbo za sungura pa wailesi muli m'komboni, koma si nonse mwaona dziko kumene oimba ace ambiri anabadwira. Ine ndigwira nchito ya ukalaliki pa mgodi wina wa golidi pafupi ndi Bindura, ndipo pa chuthi canga ndinayenda m'cigwa ca Mazowe kukaona atsibweni anga. Ndifuna kukuuzani zimene ndinaona.

Kucokera ku Bindura kunka ku Harare ndi makilomita 88, ndipo mseu upyola pa Glendale ndi pa Mazowe. Mbali zonse ndi minda ya cimanga, soya ndi tirigu wothirira, malalanje ca ku Mazowe, ndi fodya mukakwera ca ku Mvurwi. Kale onsewa anali mapulazi akuru a Azungu, ndipo anchito ace ambiri anali a kwathu ku Malawi, ena a ku Tete ndi a ku Chipata, amene anadza ndi Mthandizi kapena ndi miyendo yao. Kuyambira caka ca 2000 mapulazi ambiri anagawidwa ndipo anchito anabalalika. Koma makomboni ena alipobe, ndipo mukalonjera nkhalamba m'Cinyanja idzakuyankhani bwino lomwe. Gule wamkuru aturukabe. Ashona amucha zvigure.

Dziko lomweli ndilo linabala akatswiri a gitala. Nicholas Zakaria, wa mtundu wa kwathu, anabadwira ku Mazowe mu 1956, nayamba gulu la Khiama Boys mu 1984. John Chibadura anabadwira ku Bindura mu 1957. Alick Macheso, amene atate ace anali a ku Malawi, anabadwira ku Shamva mu 1968, nakulira pa pulazi. Dzina loti sungura m'Ciswahili ndiye kalulu, ndipo mukamva liwiro la magitala ao mudzabvomereza kuti dzinalo silinalakwike.

Tsiku Loweruka, mwezi utatha anthu atalandira, kunali dansi pa holo ya mowa kufupi ndi Glendale. Pa cipepala ca pa khoma panalembedwa magulu awiri. Lina linali la anyamata a komweko, lina la akuruakuru ocokera ku Chitungwiza amene anali pa ulendo wozungulira Glendale, Concession ndi Mvurwi. Tinafika dzuwa lisanalowe, tinapeza atsogoleri awiriwo alikukangana pa khomo ngati atambala.

Mlandu wace unali wakuti ayambe ndani. Inu amene simunaonepo mudzati ndi nkhani yacabe, koma iai. Woyamba aimbira mabenci, pakuti nthawi imeneyo amai ali pa moto ndipo abambo akali ku sitolo. Wotsiriza ndiye aimba holo itadzala kufikira kuca, ndiye anthu amchula m'munda Lolemba, ndiponso ndiye atenga gawo lalikuru la ndarama za pa khomo. Mnyamatayo anati, "Acimwene, kuno nkwathu, anthuwa adzera ife." Wamkuruyo anaseka nati, "Mwana wanga, ng'oma izi nza yani? Zokuzira mau nza yani?" Pamenepo mlandu unatha, cifukwa anyamatawo anadza ndi magitala atatu okha m'manja.

Ine ndinaganiza kuti usiku umenewo kudzakhala ndeu. Atsibweni anga, amene anaoca fodya m'zigafa zaka zambiri naona madansi osawerengeka, anandigwira dzanja nati, "Iwe mphwanga, tiye kuseri ukaone." Kuseri kwa holoyo tinapeza magulu onse awiri atakhala pa makreti, alikudya nsima ndi matemba m'mbale imodzi. Woimba besi wa ku Chitungwiza anali kumanga nsambo pa gitala la mnzace wa gulu linalo, pakuti yace inaduka ndipo ku Glendale usiku simungaigule.

Anyamata anayamba, ndipo ndinene zoona, anaimba koposa umo ndinayembekezera. Nyimbo ya sungura siifupika. Imodzi ikhoza kupitirira mphindi khumi, ndipo pakati pace mau aleka, magitala atsala okha alikuyankhana, besi akuthamanga pansi pao. Apo ndi pamene obvina aturuka ndi gule wa Borrowdale, wa miyendo yothamanga ngati akavalo a mpikisano ku Harare. Mnyamata wopfuula pa cokuzira mau anayamba kunyoza kuti nkhalamba zina zadza kudzaotha dzuwa. Anthu anakuwa. Pakati pa nyimbo yacitatu magetsi anazima, ndipo amene anathamanga ndi tochi kukaliza injini anali nkhalamba zomwezo.

Atakwera akuruwo anabwezera cipongwe, nati ana aimba bwino, tsopano akagone. Holo inagawikana pawiri, akomboni mbali iyi, okumba golidi m'mitsinje mbali iyo, aliyense akuponya ndarama kwa amene amkonda. Ndinaona kuti cipongweco cipindulitsa onse awiri, pakuti munthu amene anati aponye dola imodzi aponya ziwiri kuti a mbali inayo acite manyazi.

Koma pali cinthu cimodzi cimene sacita naco nthabwala, ndico kubelana anthu. Ca m'ma 3 koloko ndinaona mtsogoleri wa ku Chitungwiza ataima pa mdima ndi mnyamata woimba gitala lapakati wa gulu la komweko, akulankhula motsitsa. Mtsogoleri wa anyamatawo anaonanso, ndipo nkhope yace inagwa. Gulu laling'ono likataya munthu wotere lingakhale miyezi osaimba, ndipo eni ace abwerera ku maganyu. Komanso mnyamatayo mungamletse bwanji, iye akuona lole ndi njira ya ku Harare?

Atsibweni anati zimenezi nzakale. System Tazvida anaturuka mu Khiama Boys nayamba Chazezesa Challengers. Macheso, amene anali woimba besi wa gulu lomwelo, anacoka mu 1997 nayamba Orchestra Mberikwazvo, ndipo Zacharia Zakaria, mphwace weniweni wa Nicholas, anakaimba naye. Komabe Macheso sanaleke kuchula Nicholas Zakaria kuti ndiye mphunzitsi wace, ndipo anthu anampatsa mkuruyo dzina loti Senior Lecturer cifukwa ca kucuruka kwa oimba amene anapyola m'manja mwace. Pambuyo pace mpikisano waukuru unali wa Macheso ndi Tongai Moyo wa ku Kwekwe, mwini Utakataka Express. Anthu anakangana m'mabasi ndi m'mabawa kuti mfumu ya sungura ndani. Tongai Moyo anamwalira mu October 2011, mwana wace Peter natenga gululo, ndipo iyeyu waimbapo pa nsanja imodzi ndi Macheso.

Kutaca, eni holo anawerenga ndarama pa thebulo atsogoleri onse awiri akupenya, ndipo anakangananso pang'ono za mtengo wa mafuta a injini. Atatha anasenzetsana katundu. Lole inanyamuka kunka ku Mvurwi itanyamula magulu onse awiri, pakuti akuruwo anapempha anyamata kuti akawayambirenso kumeneko. Mnyamata wa gitala uja anakhala kutsogolo, pambali pa dalaivala.