Ndakumana ndi mantha a ubwana wanga ku Accra

Mwezi wathawu ntchito inanditengera ku Accra, likulu la Ghana, ndipo tsiku lobwerera ndinali ndi maola anayi ndege isananyamuke. Watakisi ananditsitsa pa Arts Centre, msika wa ziboliboli, ng'oma ndi nsalu za kente, pafupi ndi manda a Kwame Nkrumah. Ndinkangofuna mikanda ya mayi a kunyumba basi. Koma nditalowa mkatikati mwa msikawo, momwe tinjira timachepa ndipo thukuta limachita kuyenderera kumsana, ndinangoti kakasi.

Pakhoma panapachikidwa chithunzi chotalika ngati chitseko. Mayi akuyesetsa kutuluka m'dothi, dzanja lowola litamugwira pakhosi, maso ali tong'o, magazi paliponse. Pamwamba panalembedwa ndi penti wofiira kuti Evil Dead.

Wogulitsa, bambo wa imvi, ataona kuti mapazi anga amera mizu, anachitembenuza. Kumbuyo kunali dzina la kampani yogaya tirigu. Chithunzi chonsecho chinapentedwa pa masaka awiri a fulawa osokedwa pamodzi.

Nkhani yake ndi iyi. Cha m'ma 1980, madeki a vidiyo atafika ku Ghana, amalonda ankayenda m'midzi ndi wailesi yakanema, deki ndi jenereta, n'kumaonetsa mafilimu. Zikwangwani zosindikiza analibe, choncho ankalemba ganyu akatswiri openta monga Joe Mensah, Leonardo ndi Heavy J. Saka limapirira dzuwa ndi mvula, limakulungika, mawa n'kukapachikidwa mudzi wina. Nthawi zambiri wopentayo ankakhala kuti filimuyo sanaionere n'komwe. Ankangoyang'ana chikuto cha tepi, kapena kumva za m'maluwa, zotsalazo n'kuwonjezera za m'mutu mwake: njoka pomwe panalibe njoka, mitu itatu pomwe panali umodzi. Bodza lake linali lokoma kuposa filimu.

Ndili chiimire pomwepo, mtima unali utafika kale ku Ndirande. A msinkhu wanga akukumbukira kuti TVM inayamba mu 1999, ndiye izi zisanachitike kanema wathu anali wa m'tinyumba ta vidiyo. Kanyumba kopanda zenera, mabenchi a matabwa, chiguduli pakhomo, fungo la thukuta ndi chimanga chootcha. Ife tinalibe masaka openta. Tinali ndi bolodi lakuda ndi choko.

Amene ankalemba bolodi la kanyumba ka kwathu anali achimwene anga. Malipiro awo anali kulowa ulere, ndipo ine ndinkalowera kumbuyo kwawo. Mafilimu a karate ankangolemba dzina ndi nthawi. Koma likakhala tsiku la filimu yoopsa, ankakhala ola lathunthu atagwada. Choko chofiira chikasowa ankapala njerwa yootcha kuti apeze magazi. Dracula wa Christopher Lee, filimu ya 1958, anamujambula ndi mano ofika pachibwano, pansi pake n'kulemba kuti namapopa wachizungu. Amayi ena opita kumsika ankawoloka msewu kuti asadutse pafupi.

"Achimwene, kodi mano akewo ndi aatali choncho?" ndinafunsa tsiku lina.

"Iwe, anthu salipira kuti aone mano afupiafupi," anatero osacheuka n'komwe.

Evil Dead, imene Sam Raimi anatulutsa mu 1981, ndinaionera pakati pa zala zanga. Nkhani yake ndi yachidule: achinyamata asanu apita kukagona m'kanyumba ka m'nkhalango, apeza buku ndi tepi, aitsegula tepiyo, ziwanda n'kudzuka. Chingerezi sitinkachimva, koma kukuwa sikufuna womasulira. Usiku umenewo ndinakana kupita kuchimbudzi ndekha, ndipo zimene zinachitikira mphasa sindinena pano. Posachedwa ndinaioneranso pafoni, ndipo ndinaseka: ziwanda zija ndi anthu opakidwa phala kumaso. Koma bolodi la achimwene likabwera m'maganizo, tsitsi limaimabe.

Chimene chinandiwawa ku Accra ndi ichi. Ku Ghana malonda aja anafa anthu atayamba kugula makanema awoawo, koma masaka anatsala. Mu 2000 Ernie Wolfe anawasonkhanitsa m'buku lotchedwa Extreme Canvas, ndipo lero ku Chicago kuli Deadly Prey Gallery yomwe imagulitsa zithunzi zoterezi n'kumapatsabe ntchito opentawo. Azungu nawo amasunga zawo: chikwangwani cha Dracula wa Bela Lugosi, wa 1931, chinagulidwa pa mtengo wa $525,800 mu 2017. Nanga zathu? Madzulo alionse achimwene ankatenga kansanza konyowa n'kufufuta zonse, kuti mawa alembe zina. Anatisiya mu 2003. Palibe ngakhale mzere umodzi wa choko chawo umene unatsala, ndipo kamera panthawiyo inali ya ojambula maukwati okha.

Bambo uja anandiuza mosabisa kuti chimene ndinkayang'anacho si chakale, chinapentedwa posachedwapa chifukwa cha alendo ngati ine. Zakale zenizeni zambiri zinapita kunja. Ndinamulemekeza pa chilungamo chakecho. Tinanenerera mpaka tinagwirizana, ndipo ndalama ya mikanda inathera pomwepo.

Nditafika kunyumba ndinachitambasula pabalaza monyadira. Mayi a kunyumba anachiyang'ana kamodzi kokha.

"Bambo, mikanda yanga ndi imeneyi? Chimenechi m'nyumba muno ayi, ana azilota."

Panopa chili chikulungire kuseri kwa wadiropu. Loweruka lapitali ndinakwera minibasi kupita ku Ndirande kukafuna kanyumba kaja. Kalipobe, koma anabowola zenera, ndipo mnyamata wina akutchajamo mafoni ndi kuikira anthu mafilimu m'mamemore. Nditamufunsa za bolodi, anandilozera kapepala ka mitengo komata pachitseko.