Ndalama m'Citini, Cimanga m'Nkhokwe

Kwathu kuno ku Chiuta tili pa malire. Tsidya lino la nyanja ndi Mozambique, tsidya ilo ndi Malawi. M'misika yathu mumayenda ndalama za mitundu iwiri, metikali ndi kwacha. Lero tikufuna kukuuzani za colakwa cimene tinacita m'banja mwathu, ife amene timakuphunzitsani kulemba ndi kuwerenga.

Mu Malici 2023 namondwe Freddy anagwetsa mvula yoopsa, ndipo minda yambiri ya m'madambo inamira. Munda wathu uli kumtunda, conco unapulumuka. Tinakolola matumba 20 a cimanga. Mu Juni ogula anabwera ndi njinga ndi masikelo awo. Tinawagulitsa matumba 12, iwo natilipira makwacha. Tinapinda ndalamazo ndi kuziika m'citini. Tinadziona ocenjera. Tinkati cimanga cimafumbwa, koma ndalama sizifumbwa.

Mu Novembala caka comweco, ku Malawi anatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100 iliyonse. Titatsegula citini cathu, mapepala anali omwe aja, palibe limene linasowa. Koma ku msika mcere, sopo ndi mafuta zinali zitakwera mtengo. Mu Janyuwale 2024 matumba 8 amene tinasunga anatha. Tinapita kukagula cimanga, ndipo ndalama za matumba atatu zinatigulira awiri okha. Mu Febuluwale mvula inadula cimanga cikumasula. Mu Malici boma la Malawi linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi cifukwa ca cilala. Ogula a tsidya ilo anaculuka, cimanga cinasowa. M'nyumba mwathu tinayamba kudya kamodzi pa tsiku.

Amene anatithandiza ndi agogo ena a m'kalasi mwathu momwemo. Iwo akuphunzirabe kulemba dzina lawo. Ataona kuti kwathu sikufuka utsi m'mawa, anatiitana ndi kutipatsa dengu la makaka. Tinacita manyazi, koma tinalandira ndi manja awiri.

Agogowo anati: "Ana inu, ine ndinakula ndi eskudo. Mu 1980 kunabwera metikali. Mu 2006 anatiuza kuti 1000 yakale yasanduka 1 yatsopano. Pa nkhondo tinathawira ku Malawi, ndipo mu 1992, caka cimene nkhondo inatha, kunagwa cilala cacikulu. Pa zonsezi sindinaone munthu akutafuna ndalama. Koma makaka a lero ndi omwe aja ankadya amayi anga."

Tsiku limenelo mphunzitsi anakhala wophunzira. Agogo anationetsa zimene amasunga. Ali ndi makaka, amene ndi cinangwa cosenda ndi kuumitsa pa dzuwa. Ali ndi mapira, mpunga wosapuntha, nandolo ndi khobwe. Ali ndi mfutso wa citambe ndi wa nkhwani, umene amafutsa nthawi ya mvula pamene ndiwo zili mbwee. Ali ndi matemba ouma ndi milamba yowamba ya m'nyanja yathu. Mcere wawo uli m'botolo lotseka bwino. Zonsezi sanasonkhanitse tsiku limodzi. Pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Adani a cakudya cosungidwa ndi atatu: cinyezi, anankafumbwe ndi makoswe.

Woyamba ndi cinyezi. Cimanga cosauma bwino cimacita nkhungu, ndipo nkhunguyo imadwalitsa. Pofuna kudziwa ngati cauma, tengani botolo louma. Thiranimo cimanga codzaza dzanja ndi supuni ya mcere wouma. Tsekani ndi kukhucumula, ndipo dikirani pang'ono. Mcere ukamatirira m'mbali mwa botolo, cimangaco cikadali ndi madzi. Ciyanikeninso.

Waciwiri ndi anankafumbwe. Makolo athu ankasakaniza nyemba ndi phulusa losefa, ndipo njira imeneyi ikugwirabe nchito. Masiku ano kuli matumba ochedwa PICS. Ali ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi thumba loluka kunja. Mukamanga lililonse palokha, mpweya sulowa, ndipo tizilombo timafa popanda mankhwala. Koma thumbalo likabooka, nchito yake yatha.

Wacitatu ndi makoswe. Nkhokwe ikhale pa miyendo italiitali, ndipo pa mwendo uliwonse pakhale lata lopinda ngati cipewa. Matumba a m'nyumba asagone pansi. Akhale pa tsanja, kutali ndi khoma. Ife a kufupi ndi nyanja tikumbukirenso madzi osefukira. Nkhokwe imangidwe pa malo okwera kuposa ena onse pa khomo.

Tsono taonani pamene sukulu yathu ikulowera. Banja lathu limatha thumba limodzi pa mwezi, podya pamodzi ndi cinangwa. Kucokera pa kukolola kufika pa kukolola kwina pali miyezi 12. Ndiye kuti tinafunika matumba 12. Tikaonjezapo atatu a maliro, alendo ndi caka coipa, akwana 15. Pa matumba 20 aja, oyenera kugulitsa anali 5 okha, koma ife tinagulitsa 12. Masamu amenewa ndi amene timalemba pa bolodi tsiku ndi tsiku. Tinawadziwa m'kalasi, koma tinawaiwala pamaso pa sikelo.

Sitikunena kuti kugulitsa n'kulakwa. Mwana afuna makope, wodwala afuna ulendo wa ku cipatala ku Insaca, denga lifuna malata. Ndalama n'zofunika. Koma tiyambe tawerenga pakamwa pa m'nyumba, tipatule cakudya ca caka conse, ndipo cotsalaco ndico cipite ku msika. Ngati n'kotheka, cigulitsidwe pang'ono pang'ono, osati conse nthawi yokolola pamene mtengo uli pansi.

Kuyambira 2024, m'nyumba mwathu muli kope limodzi la nkhokwe. Timalembamo matumba amene alowa ndi amene atuluka. Tinabzalanso cinangwa ndi mapira, pakuti zimapirira dzuwa kuposa cimanga. Dengu la agogo lija tinabweza lodzaza.

Inunso tengani makope anu. Lembani anthu amene amadya pa nyumba panu. Lembani matumba kapena ndowa zimene mumatha pa mwezi, ndipo culukitsani ndi 12. Amene sanafike pa kuculukitsa asade nkhawa. Abwere ndi njere za cimanga m'thumba la malaya, tidzawerengere limodzi pa mphasa tikakumananso.