Nyuzipepala mumtondo

Anthu akamva munsi ukulira pakhomo panga kuno ku Nancholi amayesa tikukonola chimanga. Ayi ndithu, ndimakhala ndikusinja nyuzipepala zakale zimene zagona m'madzi masiku atatu. Phala lakelo ndimalisungunula m'beseni, n'kumizamo chikombole cha sefa. Ndikachivuula madzi amakha, phala n'kutsala pamwamba. Ndimalikhuthulira pansalu, kulipsinja ndi thabwa, kenako kuliyanika. Luso lopanga mapepala pamanja lotereli bungwe la PAMET laphunzitsa anthu ambiri mu Blantyre muno.

Zala zanga zinadziwa kale kuti mapepala sali amodzimodzi. Nyuzipepala sichedwa kufewa, koma pepala lotulukamo limang'ambika ngati tsamba louma. Gwero lake ndi kapangidwe. Ku mafakitale ena opanga mapepala a nyuzipepala amasenda chipika, n'kuchikanikiza pamwala waukulu wozungulira uku akuthira madzi, mtengo n'kuperedwa monga mapira pamphero. Njirayi anaitulukira Friedrich Gottlob Keller wa ku Germany m'zaka za m'ma 1840. Pafupifupi mtengo wonse umasanduka phala, n'chifukwa chake pepala lake n'lotchipa. Koma mwalawo umadula ulusi wa mtengo kukhala tizidutswa tatifupi, ndiponso umasiya lignin, chimene chimamata ulusiwo mumtengo. Lignin ameneyu ndiye amasandutsa nyuzipepala chikasu ikagona pawindo. Mapepala oyera a mu ofesi amachokera ku mtengo wophikidwa ndi mankhwala ochotsa lignin. Pafupifupi theka la mtengo limathera pomwepo, koma ulusi umatsala wautali.

Ndiye ine nyuzipepala sindiisiya yokha. Ndimaduladula thunthu la nthochi imene yadulidwa kale mkoko, kuliphika m'chidulo mpaka lifewe, kulitsuka bwinobwino, n'kulisinjira pamodzi. Ulusi wa nthochi ndi wautali, umagwira tizidutswa tija monga luzi limagwirira phaso. Khadi la ukwati lotuluka pamenepo umalipinda kawiri katatu osathyoka. Ndimayanika pamthunzi, pakhonde; wondithandiza akayala padzuwa ndimamubweza.

Chimandipweteka mtima n'chakuti mapepala a nyuzipepala zimenezi amachokera kunja. Paini wa ku Chikangawa anabzalidwa mochuluka m'zaka za m'ma 1960 kuti adzagayidwe kukhala phala la mapepala, ndipo fakitale yake inayenera kukhala ku Chintheche. Sinamangidwe. Mitengo ija inathera kwa ocheka matabwa, ndipo thabwa limene ndimapsinjira mapepala anga ndinaligula ku Limbe kwa munthu amene anali atangotsitsa lole yochokera ku Chikangawa.