Jezi ya ku Joni: orijino kapena feki?

Pamsika wa Balaka ndinagula jezi yobiriwira ya Springboks, ngati ija anavala Mandela mu 1995. Wogulitsa anachita kulumbira kuti ndi orijino ya ku Joni. Kuchapa kawiri kokha, kagwape ka pachifuwa kayamba kumatuka. Ndalama zanga, abale!

Sabata yatha, popita ku Ntaja, ndinatsika pa Liwonde dzuwa likuswa mtengo. Mayi wina wa kaunjika anasolola jezi ya ragibe m'belo n'kuitembenuza.

"Achimwene, jezi timaonera mkati. Chizindikirochi n'chopeta, osati chomata. Mabataniwa ndi a labala. Feki ilipo uko, yotchipa, koma musadzandinene."

Inali yolemera, yosuluka pakolala. Ndinaivala pomwepo, thukuta kamukamu mu minibasi mpaka pa Ntaja.